Georges Méliès

Marie-Georges-Jean Méliès (8 Disembala 1861 – 21 Januwale 1938) anali Mfalansa wochita masewero a matsenga pa siteji, wojambula zithunzi, wochita zisudzo komanso wotsogolera mafilimu. Amadziwika ngati mmodzi mwa anthu oyambirira kugwiritsa ntchito kamera pofotokoza nkhani zopeka, pa nthawi imene ojambula ambiri ankangojambula zochitika zenizeni monga sitima ikufika pa siteshoni kapena antchito akuweruka pa fakitale. Kuyambira 1896 mpaka 1912 anapanga mafilimu pafupifupi 520, ndipo m'mafilimu ambiriwo iye ndiye ankalemba nkhani, kupenta malo osewerera, kusewera komanso kugulitsa.

Filimu yake yotchuka kwambiri ndi Le Voyage dans la Lune (Ulendo wa ku Mwezi) ya 1902, momwe muli chithunzi chodziwika padziko lonse cha mwezi wokhala ndi nkhope ya munthu, chipolopolo chachikulu chitabaya m'diso. Ngakhale anatchuka chotere, Méliès anagwa m'ngongole, analandidwa situdiyo, anawotcha yekha mafilimu ake ambiri, ndipo anathera zaka zingapo akugulitsa maswiti ndi zidole pa siteshoni ya sitima ku Paris. Mafilimu ake amene alipo lero ndi pafupifupi 200.

Ubwana ndi maphunziro

Méliès anabadwira mumzinda wa Paris ndipo anali womaliza mwa ana aamuna atatu. Bambo ake, Jean-Louis-Stanislas Méliès, anali ndi fakitale yosoka nsapato zodula pa msewu wa Boulevard Saint-Martin. Mayi ake, Johannah-Catherine Schuering, kwawo kunali ku Netherlands. Pamene Georges ankabadwa, banjali linali litalemera kale, choncho iye anapita ku sukulu zabwino. Anayambira ku Lycée Michelet, koma sukuluyi itaphulitsidwa pa nkhondo ya pakati pa France ndi Prussia ya 1870 mpaka 1871, anamusamutsira ku Lycée Louis-le-Grand, komwe anamaliza maphunziro ake mu 1880.

Kuyambira ali wamng'ono ankakonda kujambula. M'makope ake munkadzaza zithunzi zoseketsa za aphunzitsi ndi anzake, ndipo ankapanga timanyumba ta zisudzo ta makatoni momwe ankaseweretsamo zidole. Atamaliza sukulu anayamba ntchito pa fakitale ya bambo ake limodzi ndi akulu ake, Henri ndi Gaston. Kenako anakagwira ntchito ya usilikali, imene panthawiyo inali yokakamiza kwa anyamata a ku France.

Mu 1884 bambo ake anamutumiza ku London kuti akagwire ntchito m'sitolo ya mnzawo ndi kuphunzira Chingerezi. Kumeneko ankapita kawirikawiri ku Egyptian Hall, nyumba ya masewero a matsenga imene inkayendetsedwa ndi John Nevil Maskelyne. Matsenga amenewa sanali aufiti, koma luso lopusitsa maso pogwiritsa ntchito magalasi, zingwe, zitseko zobisika pansi pa siteji ndi kuchenjera kwa manja. Méliès anabwerera ku Paris mu 1885 ali ndi mtima wofuna kuphunzira zojambulajambula pa École des Beaux-Arts, koma bambo ake anakana kumulipirira. Anabwerera ku fakitale komwe ankayang'anira makina, ndipo luso lokonza makina limene anaphunzira kumeneko linadzamuthandiza kwambiri patsogolo. Chaka chomwecho anakwatira Eugénie Génin. Anabereka ana awiri: Georgette mu 1888 ndi André mu 1901.

Théâtre Robert-Houdin

Mu 1888 bambo ake anapuma pantchito. Georges anagulitsa gawo lake la fakitale kwa akulu ake, ndipo ndalamazo, kuphatikiza chuma chimene mkazi wake anabwera nacho m'banja, anagulira nyumba ya zisudzo yotchedwa Théâtre Robert-Houdin pa Boulevard des Italiens. Nyumbayi inali ndi dzina la Jean-Eugène Robert-Houdin, wamatsenga wotchuka wa ku France amene anayambitsa masewerowo. Inali yaing'ono, koma inali ndi zonse zofunika: magetsi, zitseko zobisika, ndi zidole zoyenda zokha ndi makina onga a wotchi.

Anthu anali atachepa kubwera kudzaonera, choncho Méliès anayamba kupeka masewero atsopano. M'zaka zisanu ndi zinayi anapeka masewero a matsenga oposa 30. Limodzi mwa masewero amene anthu ankawakonda linali la pulofesa wolongolola amene ankadulidwa mutu ali mkati molankhula, koma mutuwo unkapitirizabe kulankhula mpaka ataubwezera pakhosi. Kusakaniza zoopsa ndi zoseketsa motere kunadzaonekanso m'mafilimu ake ambiri. Pakati pa masewero ankaonetsa zithunzi pa nsalu pogwiritsa ntchito nyale yowalitsa kudzera m'magalasi opentedwa.

M'zaka zomwezo ankajambulanso zithunzi zonyogodola andale m'nyuzipepala ya La Griffe, imene mkonzi wake anali msuweni wake Adolphe Méliès. Ankasaina zithunzizo ndi dzina lobisika la Geo. Smile.

Kuyamba mafilimu

Kumapeto kwa Disembala 1895, abale awiri, Auguste ndi Louis Lumière, anayamba kuonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu olipira m'chipinda cha Salon Indien ku Grand Café mumzinda wa Paris. Méliès anali mmodzi mwa anthu oyamba kuonera, ndipo nthawi yomweyo anapempha kugula makinawo, otchedwa Cinématographe, pa mtengo wa mafalanki 10,000. Banja la Lumière linakana.

Méliès sanagwe ulesi. Anapita ku London n'kukagula makina oonetsera zithunzi zoyenda kwa Robert W. Paul, pamodzi ndi mafilimu ochepa. Pofika Epulo 1896 n'kuti mafilimu atayamba kuonetsedwa mu Théâtre Robert-Houdin. Kenako anaphunzira mmene makinawo amagwirira ntchito n'kuwasintha kuti akhale kamera. Mu Seputembala chaka chomwecho, iye pamodzi ndi Lucien Korsten ndi Lucien Reulos analembetsa umwini wa makina awo otchedwa Kinétographe Robert-Houdin. Makinawa ankachita phokoso kwambiri, moti patapita nthawi yochepa Méliès anawasiya n'kugula makamera abwinopo amene anali atayamba kupezeka pamsika.

Filimu yake yoyamba, Une partie de cartes, imaonetsa amuna akusewera makadi m'munda, ndipo inali yotsanzira filimu ina ya a Lumière. Mafilimu ambiri a 1896 anali a mtundu womwewo: misewu ya Paris, nyanja, sitima, asilikali. Iliyonse inkatenga pafupifupi mphindi imodzi chifukwa tepi ya filimu inali yaifupi. Kampani yake inadziwika ndi dzina loti Star Film, ndipo chizindikiro chake chinali nyenyezi.

Njira zopusitsira maso

Njira yoyamba imene Méliès anatchuka nayo ndi yoimitsa kamera. Wojambula amaimitsa kamera, osewera onse amaima njii osasuntha, chinthu chimodzi chimachotsedwa kapena kusinthidwa, kenako kamera imayambanso. Poonera, chinthucho chimaoneka ngati chasowa kapena chasanduka china m'kuphethira kwa diso. Méliès ankafotokoza kuti anatulukira njirayi mwangozi pamene kamera yake inakakamira akujambula pa Place de l'Opéra: ataonera tepiyo anapeza kuti basi yokokedwa ndi mahatchi yasanduka ngolo yonyamula maliro. Komabe njira yomweyi inali itagwiritsidwa kale ntchito ku America mu 1895, m'filimu ya kampani ya Edison yoonetsa kudulidwa mutu kwa Mary Stuart. Chimene Méliès anachita n'kuikulitsa. Akatswiri amene anapenda matepi ake anapeza kuti sankangoimitsa kamera, koma ankadulanso tepi ndi kuilumikiza mosamala kuti kusinthako kusaoneke.

M'filimu ya Escamotage d'une dame chez Robert-Houdin ya 1896, Méliès amafunditsa nsalu mayi wokhala pampando, amene anali Jehanne d'Alcy. Mayiyo amasowa, pamalo pake pamabwera mafupa a munthu, kenako amabwereranso. Chaka chomwecho anapanga Le Manoir du diable (Nyumba ya Mdyerekezi), ya mphindi zitatu, momwe mleme umasanduka mdyerekezi. Ambiri amaitenga ngati filimu yoyamba ya zoopsa.

Njira yachiwiri inali yojambula kangapo pa tepi imodzi. Popeza malo akuda bii sasiya chithunzi pa tepi, Méliès ankajambula munthu kutsogolo kwa nsalu yakuda, n'kubweza tepi m'mbuyo, n'kujambulanso munthu yemweyo ataima pena. Mu Un homme de têtes ya 1898 amazula mutu wake katatu n'kuika mituyo pa matebulo, ndipo mitu yonse imaimba naye limodzi. Mu L'Homme orchestre ya 1900 amadzichulukitsa kukhala anthu asanu ndi awiri, aliyense ndi choimbira chake. Ntchitoyi inkafuna kuwerengera bwino kwambiri, chifukwa akalakwitsa ulendo womaliza, zonse zoyambazo zinkawonongeka.

Mu L'Homme à la tête en caoutchouc (Munthu wa Mutu wa Labala) ya 1901, mutu wa munthu umafufuma akaupopa mpweya mpaka kuphulika. Kuti zimenezi zitheke, Méliès anakhala pampando woyenda pa kanjanji, thupi lake litabisika ndi nsalu yakuda, n'kumasendera kufupi ndi kamera. Pofuna kuonetsa za pansi pa nyanja, ankaika thanki yagalasi yokhala ndi nsomba zamoyo pakati pa kamera ndi osewera. Ankagwiritsanso ntchito njira yoti chithunzi chimodzi chizizimiririka pamene china chikutulukira, posonyeza kuti nkhani yachoka pamalo ena kupita pena.

Situdiyo ya ku Montreuil

Nyale za nthawi imeneyo sizinkawala mokwanira kujambulira filimu, choncho ojambula ankadalira dzuwa. Kujambulira panja kunali ndi mavuto ake, monga mvula ndi mphepo yogwetsa nsalu zopentedwa. Kumapeto kwa 1896 Méliès anayamba kumanga situdiyo pamalo a banja lake ku Montreuil, kufupi ndi Paris, ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1897. Makoma ndi denga zinali zamagalasi kuti dzuwa lizilowa. Mkati munali siteji yokhala ndi zitseko zobisika, zingwe zoulutsira anthu m'mwamba ndi zida zina za m'nyumba za zisudzo. Inali imodzi mwa masitudiyo oyambirira a mafilimu ku Ulaya.

Malo osewerera ankawapenta ndi utoto wotuwa wosiyanasiyana kuyambira woyera mpaka wakuda, chifukwa mitundu ina siinkaoneka bwino pa tepi ya nthawiyo. Kamera inkakhala pamalo amodzi moyang'anizana ndi siteji, ngati munthu wokhala pampando m'nyumba ya zisudzo. Masana Méliès ankajambula ku Montreuil, madzulo n'kubwerera ku Paris kukayang'anira masewero.

Mafilimu onsewa anali opanda mawu. Poonetsa, pankakhala woimba piyano, ndipo nthawi zina munthu wofotokoza nkhani mokweza. Ogula ofuna filimu yamitundu ankalipira ndalama zambiri, chifukwa utoto unkapakidwa pamanja, kachithunzi kamodzikamodzi, ndi kaburashi kakang'ono. Ntchito yambiri yotere inkachitikira pa malo a Élisabeth Thuillier ku Paris, pomwe pankagwira ntchito amayi pafupifupi 200, aliyense akupaka mtundu umodzi wokha.

Makasitomala aakulu a Star Film anali anthu oonetsa masewero m'misika ya zisangalalo yoyendayenda, komanso eni maholo a nyimbo. Iwo ankagula filimu yonse, mtengo wake powerengera kutalika kwa tepi, n'kumaionetsa mpaka itatha ntchito.

Nkhani zenizeni ndi nthano

Méliès sankapanga za matsenga zokha. Ankaseweretsanso anthu mu situdiyo nkhani zimene zinali m'kamwam'kamwa. Mu 1899 anapanga L'Affaire Dreyfus, mndandanda wa mafilimu aafupi 11 onena za Alfred Dreyfus, msilikali wachiyuda amene anamangidwa mu 1894 pomunamizira kuti ankaulula zinsinsi za asilikali a France kwa Germany. Mlanduwu unagawanitsa dziko la France, ndipo Méliès anali kumbali ya Dreyfus. Iye mwini anasewera ngati Fernand Labori, loya wa Dreyfus. Dreyfus anadzapezeka wosalakwa mu 1906.

Mu 1902 Charles Urban, wamalonda a mafilimu ku London, anamupatsa ntchito yopanga filimu ya kuvekedwa ufumu kwa Edward VII wa ku Britain. Makamera sankaloledwa kulowa m'tchalitchi cha Westminster Abbey, choncho mwambowo anausewera ku Montreuil tsiku lenileni lisanafike, ndipo filimuyo inayamba kuonetsedwa pa 9 Ogasiti 1902, tsiku la mwambo weniweniwo.

Kumbali ya nthano, Cendrillon ya 1899 inali filimu yake yoyamba kufotokoza nkhani imodzi yaitali m'magawo ambiri otsatizana, ndipo inagulidwa kwambiri ku Ulaya ndi ku America. Panatsatira Jeanne d'Arc mu 1900, Barbe-bleue mu 1901 ndi Le Royaume des fées mu 1903.

Le Voyage dans la Lune

Filimuyi inajambulidwa mu 1902. Inatenga miyezi itatu ndipo inadya mafalanki 10,000, ndalama zambiri zedi pa filimu ya nthawi imeneyo. Tepi yake inali ya mamita pafupifupi 260. Maganizo ake ena anachokera m'mabuku a Jules Verne onena za ulendo wa ku mwezi, ndipo akatswiri amatchulanso buku la H. G. Wells la 1901 lonena za anthu oyamba kufika ku mwezi.

Nkhani yake ndi ya gulu la akatswiri a zakuthambo lotsogoleredwa ndi Pulofesa Barbenfouillis, amene anamusewera Méliès. Anthu asanu ndi mmodzi amalowa m'chombo chooneka ngati chipolopolo, ndipo chimawomberedwa kumwamba ndi mzinga waukulu. Chikafika, chimabaya mwezi m'diso. Apaulendowo amagona, chipale chofewa chimawadzutsa, ndipo amathawira kuphanga komwe kuli bowa wamkulu kuposa munthu. Kumeneko amakumana ndi nzika za mwezi zotchedwa Sélénites, zimene zimaphulika n'kusanduka utsi zikamenyedwa ndi ambulera. Akatswiriwo amagwidwa n'kupititsidwa kwa mfumu, koma Barbenfouillis amagwetsa mfumuyo pansi n'kuipha. Amathawira m'chombo chawo, chimene chimagwa kuchoka pa mwezi mpaka m'nyanja ya padziko lapansi, ndipo kwawo amawalandira ndi chikondwerero. Amene anasewera ngati a Sélénites anali akatswiri odumphadumpha a ku Folies Bergère.

Ofufuza ena amaona filimuyi ngati yoseka anthu ophunzira odzitukumula, komanso atsamunda a nthawiyo, popeza apaulendowo amafika m'dziko la eni, kupha mfumu yake, n'kubwerera kwawo ndi mkaidi kukalandira ulemu. Filimuyi amaitenganso ngati imodzi mwa zoyambirira za nkhani zopeka za sayansi. Star Film inkaigulitsa pa mafalanki 560 yopanda mitundu ndi mafalanki 1,000 yopakidwa utoto. Mu 1904 Méliès anapanga ina yofanana nayo koma yaitali, Voyage à travers l'impossible, momwe apaulendo amakwera sitima mpaka kukalowa m'kamwa mwa dzuwa.

Vuto la okopera ku America

Le Voyage dans la Lune inakondedwa kwambiri ku United States, koma Méliès anapindula nayo pang'ono. Makampani a kumeneko, kuphatikizapo a Thomas Edison ndi Siegmund Lubin, anapeza makope a filimuyi, n'kuwachulukitsa ndi kuwagulitsa popanda kumulipira. Malamulo oteteza umwini wa mafilimu anali asanakhazikike bwino.

Pofuna kuthana ndi vutoli, Méliès anatumiza mkulu wake Gaston ku New York kukatsegula ofesi ya Star Film. Kuyambira 1903 kampaniyo inayamba kulembetsa mafilimu ake ku Library of Congress mumzinda wa Washington. Inayambanso kujambula ndi makamera awiri nthawi imodzi, kuti tepi imodzi yoyambirira itsale ku Paris ndipo ina ipite ku New York, filimu izituluka mbali zonse okopera asanaipeze. Njirayi inadzathandiza mosayembekezeka, chifukwa ena mwa mafilimu amene alipo lero anapulumuka kudzera m'matepi a ku America.

Kugwa kwa Star Film

Cha m'ma 1907 malonda a mafilimu anali akusintha msanga. Makampani aakulu monga Pathé ndi Gaumont ankapanga mafilimu ambirimbiri ngati katundu wa m'fakitale, ndi otsogolera angapo nthawi imodzi. Nyumba zokhazikika zoonetsera mafilimu zinayamba kulowa m'malo mwa misika yoyendayenda, ndipo zinkafuna mafilimu atsopano sabata iliyonse. Makampani anasiya kugulitsa mafilimu n'kuyamba kubwereketsa. Méliès, amene ankapanga chilichonse ndi manja ake ndipo ankadalira ndalama zogulitsa filimu imodzi kuti apangire ina, sanathe kupikisana nawo.

Mu 1908 Star Film inalowa m'gulu la Motion Picture Patents Company lotsogoleredwa ndi Edison, limene linkafuna kuti membala aliyense azipereka mafilimu ochuluka nthawi zonse. Mu Febuluwale 1909 Méliès anakhala wapampando wa msonkhano wa makampani opanga mafilimu ku Paris, komwe anakambirana za kubwereketsa mafilimu.

Zokonda za oonera zinasinthanso. Anthu ankafuna nkhani zooneka zenizeni, zojambulidwa panja, zothamangitsana ndi zachikondi. Otsogolera monga D. W. Griffith ku America anayamba kusuntha kamera kufupi ndi nkhope za osewera ndi kudumphadumpha pakati pa malo awiri kuti oonera mtima ukhale m'mwamba. Méliès anakakamira siteji yake ndi nsalu zopentedwa.

Mu 1911 anagwirizana ndi Charles Pathé kuti kampani ya Pathé imupatse ndalama zopangira mafilimu. Pathé inatenga ufulu wofalitsa ndi kudula mafilimuwo, ndipo nyumba ndi situdiyo ya ku Montreuil zinakhala chikole. Mwa mafilimu amene anatuluka panganoli, wodziwika ndi À la conquête du pôle ya 1912, momwe muli chimphona cha m'chipale chimene chinali chidole chachikulu choyendetsedwa ndi anthu angapo. Mafilimuwa sanabweze ndalama, ndipo Méliès anasiya kujambula ali ndi ngongole yaikulu.

Gaston naye zinthu sizinamuyendere. Atapanga mafilimu a anyamata oweta ng'ombe ku Texas, mu 1912 ananyamuka ulendo wokajambula ku zilumba za nyanja ya Pacific ndi ku Asia. Matepi ambiri anawonongeka panjira, ndalama zinatha, ndipo nthambi ya ku America inagulitsidwa. Gaston anamwalira mu 1915. Mkazi wa Georges, Eugénie, anali atamwalira mu Meyi 1913.

Nkhondo ndi kuwonongeka kwa mafilimu

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itayamba mu 1914, Théâtre Robert-Houdin inatsekedwa kwa kanthawi. Méliès anasandutsa imodzi mwa masitudiyo ake a ku Montreuil kukhala nyumba ya zisudzo, momwe iye ndi ana ake ankachita masewero anyimbo mpaka 1923. Mbali ina ya malowo asilikali anaisandutsa chipatala cha ovulala. M'zaka za nkhondozo mafilimu ambiri a Star Film anasungunulidwa kuti atengemo siliva ndi selulodi, ndipo selulodiyo ina anapangira zidendene za nsapato.

Mu 1923 Théâtre Robert-Houdin inagwetsedwa pofuna kutalikitsa msewu wa Boulevard Haussmann. Chaka chomwecho malo a ku Montreuil anagulitsidwa chifukwa cha ngongole. Atasowa posungira katundu, komanso chifukwa cha mkwiyo, Méliès anawotcha matepi oyambirira a mafilimu amene anali nawo. Matepi a nthawi imeneyo anali a nayitireti, amene amayaka msanga ndipo amawola akakhalitsa, ndipo anthu ochepa okha ndiwo ankaganiza kuti filimu yakale n'chinthu choyenera kusungidwa.

Mu Disembala 1925 anakwatira Jehanne d'Alcy, amene anasewera m'mafilimu ake oyambirira. Jehanne anali ndi kasitolo ka maswiti ndi zidole mu siteshoni ya Gare Montparnasse, ndipo Méliès ankagulitsa mmenemo tsiku lonse kwa zaka zingapo, apaulendo ambiri osadziwa kuti ndi ndani.

Kukumbukiridwanso ndi imfa

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 atolankhani ndi okonda mafilimu anayamba kufufuza mbiri ya kanema. Léon Druhot, mkonzi wa magazini ya Ciné-Journal, anamupeza pa siteshoni paja n'kuyamba kulemba za iye. Jean Mauclaire, mwini nyumba yoonetsera mafilimu ya Studio 28, anapeza makope angapo a mafilimu ake. Pa 16 Disembala 1929 panachitika mwambo waukulu womulemekeza ku Salle Pleyel mumzinda wa Paris, komwe mafilimu ochepa opulumukawo anaonetsedwa iye ali pomwepo. Mu 1931 boma la France linamupatsa mendulo ya Légion d'honneur, ndipo anamuveka ndi Louis Lumière.

Ulemuwu sunamubweretsere chuma. Mu 1932 bungwe lothandiza anthu a ntchito za mafilimu linamupatsa malo okhala m'nyumba ya opuma pantchito ku Orly, komwe anakhala ndi Jehanne ndi mdzukulu wake Madeleine, mwana wa Georgette amene anamwalira mu 1930. Achinyamata okonda mafilimu ankabwera kudzacheza naye, kuphatikizapo Henri Langlois ndi Georges Franju, amene mu 1936 anayambitsa Cinémathèque française, bungwe losunga mafilimu akale.

Méliès anamwalira ndi matenda a khansa pa 21 Januwale 1938 ku Paris, ali ndi zaka 76. Anaikidwa m'manda a Père Lachaise.

Zimene anasiya

Ntchito yosonkhanitsa mafilimu ake yakhala ikupitirira kwa zaka zambiri, ndipo Madeleine Malthête-Méliès anathera mbali yaikulu ya moyo wake akuwafunafuna m'maiko osiyanasiyana. Mu 1993 kope lopakidwa utoto la Le Voyage dans la Lune linapezeka ku Filmoteca de Catalunya mumzinda wa Barcelona, litamatana ndi kuyamba kuwola. Akatswiri analimatula pang'onopang'ono, kujambula kachithunzi kalikonse ndi kukonza pa kompyuta, ndipo filimuyo inaonetsedwanso pa chikondwerero cha mafilimu cha Cannes mu 2011, ndi nyimbo za gulu la ku France lotchedwa Air.

Mu 1952 Georges Franju anapanga filimu yaifupi, Le Grand Méliès, momwe André Méliès anasewera ngati bambo ake. Mu 2007 Brian Selznick anatulutsa buku la ana, The Invention of Hugo Cabret, limene linadzasanduka filimu ya Hugo ya Martin Scorsese mu 2011. Ben Kingsley anasewera ngati Méliès wokalamba pa kasitolo kake, ndipo filimuyo inapambana mphoto zisanu za Oscar. Mu 2021 Cinémathèque française inatsegula nyumba yosungira zakale yotchedwa Musée Méliès, momwe muli makamera, zovala, zithunzi ndi zida zake za matsenga.

Akatswiri a mbiri ya kanema amagawanika pofotokoza malo ake. Ena amati anali munthu wa zisudzo amene anangoika kamera patsogolo pa siteji, ndipo sanathandize kwambiri pa luso lofotokoza nkhani polumikiza zithunzi zojambulidwa kuchokera mbali zosiyanasiyana. Ena amatsutsa, ponena kuti kudula ndi kulumikiza tepi kumene ankachita mobisa kunali kale luso la kanema, losatheka pa siteji. Mbali zonse zimavomereza kuti njira zimene anazikulitsa ku Montreuil, monga kusowetsa chinthu, kuchulukitsa munthu mmodzi, kusakaniza zithunzi ziwiri ndi kugwiritsa ntchito tizinthu ting'onoting'ono m'malo mwa zazikulu, ndizo maziko a zopusitsa maso za m'mafilimu, ngakhale kuti masiku ano zambiri zimachitika pa kompyuta.